Adadi Akudikira Kaseti

Atlanta, Georgia
9 Malichi 1991

Okondedwa Achemwali Odessa,

Moni wa ku Atlanta. Ndikhulupirira muli bwino nonse, inu, alamu anga a Roscoe, ndi Adadi. Mwendo wa Adadi uja ukuwasautsabe? Ine ndili bwino. Ndikulemba kalata chifukwa munandiopseza kuti ndikaimbanso foni mudzandiyankha ngati mlendo, poti ife okonda mafoni tikukulandani ntchito ku positiko.

Khalani pansi kaye. Ndapeza malo mu filimu. Osati zija zoima kumbuyo nditanyamula thireyi, kapena zija zotsatsa matayala pa TV zimene munandiseka nazo chaka chathunthu. Iyi ndi filimu yeniyeni, yokaonetsedwa m'maholo dziko lonse, ndipo dzina langa, Cleon Tarpley, likhala lachinayi pa chikwangwani. Ndawerenga kawiri pa pepala la mgwirizano, ndi lachinayi ndithu.

Tsono nkhani yake ndi imene ikundisowetsa mtendere. Ndi ya mpira wa ku koleji, wathu uja wonyamula m'manja, osewera atavala zisoti. Mnyamata woponya mpira, amene tauni yonse ikumudalira, amalemedwa nazo zonse, makochi, atolankhani, anthu olemera ogulira timu zisoti, mpaka amaganiza zongosiya. Ine ndine bambo wake, munthu wouma mtima woti kwa iye mwana ndi mpira basi. Mwayamba kale kuseka, ndikudziwa. Tsiku loyesa, atandipatsa mawu oti ndiwerenge, ndinangotsegula pakamwa, Adadi n'kutulukamo. Wotsogolera filimuyo, a Haskell, anandifunsa kuti munthu ameneyu ndamutenga kuti. Ndinati ndangomupeka.

Papita zaka 19 chisiyireni timu ya ku koleji mpikisano uli pakati, ine mwana wa Kochi Wardell Tarpley, n'kubwerera kunyumba ndi chikwama. Pa zaka zonsezi ine ndi Adadi takambirana zinthu ziwiri zokha, mvula ndi oilo wa galimoto. Sanandifunsepo kuti ndinasiyiranji, ndipo sanaonerepo sewero langa ngakhale limodzi. Ndakula, imvi zayamba, koma sindikubisirani, Achemwali: ndikufuna adzaione filimu imeneyi, andiuze mawu amodzi okha. Ngakhale atangoti "ehe", ine kwanga kwatha.

Ulendo uno sindikupempha ndalama, pumani. Ndikupempha maso anu. Mundiyang'anire Adadi mwakabisira. Akakwiya manja amaika pati? Amaima bwanji? Zina ndaiwala, poti nthawi imeneyo ndinkayang'ana pansi.

Mlongo wanu,
Cleon


Bledsoe, Mississippi
22 Malichi 1991

Iwe Cleon,

Moni. Kuno tonse tili bwino. Mwendo wa Adadi uli chimodzimodzi, umapweteka akaona ntchito ya m'nyumba, umapola akamva kuti timu ya ku sekondale ili pabwalo, chonsecho ukochi anapuma zaka zisanu zapitazo.

Kalata yako ndinaipeza ndekha ndikusankha makalata m'mawa, ndinaitsegula pomwepo, ndipo ndinakuwa moti bwana anatuluka mu ofesi akuganiza kuti ndaona njoka m'thumba. Ndakondwa, mwana wa amayi. Nkhope yako ija ndinkadabwa kuti idzakudyetsa bwanji, koma zoonadi, ukaipa dziwa nyimbo.

Ndinauza munthu mmodzi yekha, Mayi Pickens a ku tchalitchi. Pofika masana tauni yonse inali itamva kuti wabwerera ku mpira, pa zaka 39, ndi mimba yako ija. A Lucius ometa tsitsi andiimitsa pa msewu kufunsa kuti chisoti chako akachipeza kuti, poti mutu unakula. Ndatha sabata ndikuwongola nkhani pa windo la positi, munthu aliyense wogula sitampa ndikumuyambira poyamba.

Adadi ndinawauza ndekha anthu asanawasokoneze. Anali kudimba kwawo kuseri, akumangirira tomato.

"Adadi, Cleon wapeza malo mu filimu ya mpira."

"Akusewera?"

"Ayi. Akhala bambo wa wosewera."

Anandiyang'ana, anayang'ana tomato, kenako anati, "Umuuze kuti kuno mvula yachedwa." Usandifunse tanthauzo lake, ine ndine wa makalata, si womasulira maloto.

Ukazitape wako ndagwira, ndipo sizinavute, ndinangowauza kuti kochi watsopano akuti anyamata azimwa madzi nthawi iliyonse akafuna. Akakwiya manja amalowetsa m'matumba a kumbuyo. Kamtengo kotokosera m'mano kamene amakatafuna kaja kamaima, sikayendanso. Kenako amavula chipewa, n'kuyang'ana m'kati mwake ngati mwalembedwa kanthu, n'kuchivalanso pang'onopang'ono. Akatero amatchula munthu dzina lonse, la bambo ake lomwe.

Koma tamvera, mlongo wanga. Kuwatsanzira Adadi m'khitchini tili awiri n'kwina, kuwaimika pagulu dziko lonse likuona n'kwinanso. Ndi munthu wamanyazi amene uja, ngakhale amabisa ndi ukali. Uchite mosamala. Ndipo uzidya, pa chithunzi cha Khirisimasi khosi linali litatalika ngakhale mimba ilipo.

Ndine,
Odessa


Ku Georgia, kumene tikujambula
18 Meyi 1991

Achemwali,

Moni. Mukupeza bwanji kumeneko? Mvula ya Adadi ija inabwera? Zikomo chifukwa cha ukazitape wanu. Za chipewa zija a Haskell azikonda moti akuti ndizichite kawiri.

Tili pa koleji ina yaing'ono imene yatibwereka bwalo. Kukutentha koopsa, koma anthu okhala m'mipando ngati ochemerera akuwaveka majekete, poti nkhaniyo ikuchitika mu Novembala. Dzulo amayi ena anakomoka akuchemerera, atadzuka n'kufunsa ngati kamera inawajambula.

Amene ali mwana wanga mu filimuyi ndi Darnell Whitlock wa ku California. Atsikana amadzaza pa mpanda kudzamuona. Koma kuponya mpira, Achemwali, amaponya ngati akuingitsa nkhuku. Analemba ganyu munthu wina womuponyera, kamera imangoonetsa dzanja. Sabata yoyamba ndinamunyoza mumtima. Kenako tinajambula gawo lina ali m'chipinda chovalira, mpira utatsala pang'ono kuyamba, akulephera kumanga zingwe za nsapato chifukwa zala zikunjenjemera, kunja anthu akuimba dzina lake. Ndinachoka n'kukaima kuseri kwa lole. Darnell sanasewerepo mpira, koma mantha aja anawapeza enieni, omwe aja ndinkasanza nawo Loweruka lililonse.

Kochi wa mu filimuyi ndi a Burl Maddox, nkhalamba yoweta amphaka asanu ndi awiri, yoti sidziwa n'komwe kuti timu imakhala ndi anthu angati. Koma akaphulika, osewera enieni amene anawalemba ganyu amaima njo n'kumati inde bwana. Mkazi wanga mu filimuyi ndi Mayi Geneva Rusk a ku Chicago. Mawu awo mu filimu yonse sakwana tsamba limodzi, koma akangoyamba kupinda zovala kumbuyo kwanga palibenso amene amandiyang'ana ine. Ndinawadandaulira, iwo akuti ndiphunzire kupinda zovala.

Lachitatu tinajambula gawo lalikulu. Mwana wabwera kunyumba, waima m'khitchini ndi chikwama, akuti, "Adadi, ndasiya." Ine ndimakalipa, ndimamutcha wamantha, ndimaswa mbale pansi. Tinabwereza ka 17, mbale zinatha, anathamangira kukagula zina. Pomaliza anthu onse, a magetsi omwe, anaomba m'manja, Mayi Rusk n'kundipsompsona pamphumi. Ndinakondwa, sindinama, ndinakondwa ngati mwana. Koma pobwerera ku hotelo ndinakumbukira mawu anu. Chipewa chija, manja m'matumba muja, Adadi adzadzizindikira asanakhale n'komwe bwino pa mpando. Kodi ndalakwa, Achemwali? Mundiyankhe zoona.

Cleon


Atlanta
20 Novembala 1991

Achemwali,

Moni nonse. Funso langa la mu Meyi simunayankhe. Mwanditumizira makalata anayi a nkhani za maliro ndi maukwati, ndi chigumu chimene chinafika chitaphwanyika, koma funso munalidumpha ngati chithaphwi.

Filimu yatha. Ndaiona, ndipo ndi yabwino, ndikunena ndekha poti palibe wondinenera. Aitsegulira kuno ku Atlanta pa 10 Januwale. M'envelopu muno muli matikiti awiri a ndege ndi awiri a mu holo, anu ndi a Adadi, mipando ya kutsogolo. Ndakhala masiku atatu ndikuyesa kuwalembera kalata yawoyawo, yonse ikumathera pa mvula. Muwapatse ndinu, muwauze kuti ndawaitana ine. Sindinawapemphepo kanthu chiyambire 1972, ichi ndi choyamba.

Mundiyankhe msanga.

Cleon


Bledsoe
2 Disembala 1991

Cleon,

Moni. Tili bwino. Funso lija sindinayankhe chifukwa yankho ndilibe, ndipo iwe ukudziwa kuti ine kusowa chonena n'kosowa.

Ndikuuza mmene zinayendera, osachotsa osawonjezera. Matikiti ndinawaika pa tebulo atatha kudya. Anavala magalasi, anawerenga kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

"Aionetsa kangati?"

"Kamodzi, Adadi. Ndi tsiku lotsegulira, kubwera anthu otchuka. Mudzavala suti yanu ija."

"Kamodzi. Mu mdima. Anthu akutafuna mbuliwuli."

"Anthu onse amaonera filimu choncho."

"Ine sindionera filimu choncho. Umufunse kuti ituluka liti pa kaseti."

"Adadi, mwana wanu wakuitanani."

"Ndamva. Umufunse za kaseti."

Anandibwezera matikiti n'kupita kukatsekera nkhuku. Ndinapsa mtima, Cleon. Masiku awiri ndinawaphikira therere lopanda mchere, ndipo anadya lonse osadandaula, zimene zinandikwiyitsa koposa. Pepa, mlongo wanga. Ndinayesetsa. Tikiti yawo ndibwera nayo ndi alamu ako, ngakhale Roscoe akuti ndege akwera pokhapokha atamumanga m'maso.

Odessa


Atlanta
9 Disembala 1991

Achemwali,

Moni. Kalata ndalandira. Kaseti ituluka mu Julayi. Muwauze kuti asadzivutitse, ndamva zimene akunena. Filimu ya mwana wosiya mpira ndi yodikira mpaka itafika pa shelefu ya zotchipa, pafupi ndi makatuni. Ndinali wopusa kuganiza zina.

Zandipweteka, sindibisa. Koma inu ndi alamu mubwere, ndikakulandirani ndekha, ndipo mukadya mpaka mukalephere kuyenda. Za Adadi tisakambenso.

Cleon


Bledsoe
27 Januwale 1992

Cleon wathu wotchuka,

Moni. Mapazi anga sanapolebe chifukwa cha nsapato za ku Atlanta zija, ndipo Roscoe akuuza aliyense kuti anagwirana chanza ndi Mayi Rusk, dzanjalo akuchita kuliika m'thumba. Unanena kuti za Adadi tisakambenso. Ine sindinavomere.

Koma ndiyambe ndi zokoma. Loweruka tinatenga basi ya tchalitchi, anthu 41, ulendo wa ku Jackson kukaona filimu ya masana. Tinanyamula mlamba wokazinga ndi payi, keke ya mbatata ija, wa pakhomo anayesa kutiletsa, Mayi Pickens anangomuyang'ana, iye n'kutitsegulira yekha chitseko. Utangotulukira iwe, Mayi Pickens anauza holo yonse kuti, "Ameneyo ndinamusinthapo matewera." Anthu a ku Jackson anatembenuka, ena kuseka, ena kutiuza kuti tikhale chete, koma anatopa okha.

Kenako unavula chipewa n'kuyang'ana m'kati. Cleon, mizere itatu yathunthu inalankhula pamodzi ngati kwaya, "Kochi Tarpley." A Lucius anaseka mpaka kutsamwa. Theka la amuna aja anaphunzitsidwa mpira ndi Adadi, ndipo utatchula mwanayo dzina lonse ndinaona adikoni awiri akuwongola msana pa mipando.

Pa gawo la m'khitchini kuseka konse kunatha. Utaswa mbale, Mayi Pickens anaimirira n'kunena kuti, "Cleon Tarpley, usamukhudze mwanayo, sunaleredwe choncho." Palibe anaseka. A Lucius anali akupukuta m'maso, akuti ndi mchere wa mbuliwuli. Ine ndinali nditaiona kale koma ndinaliranso, ndipo sindinamizira mchere.

M'basi pobwerera kunali mlandu. Azimayi akuti wopambana ndi Darnell, ndipo tikudziwa kuti sankayang'ana zingwe za nsapato zokha. Amuna akuti ndi nkhalamba ya amphaka ija. Ine ndinati ndiwe, anandiuza kuti mboni ya pachibale siwerengedwa. Tinaimba njira yonse mpaka pakhomo pa tchalitchi.

Tsono Adadi. Tauni yonse ikudziwa kuti chipewa chija n'cha ndani, kupatula mwini chipewa. Koma akuchita zodabwitsa. Kometa tsitsi munthu akangoti "mu filimu muja", amakweza dzanja n'kunena kuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndidzaona ndekha." Wina akapitiriza, amadzuka n'kutuluka, mbali imodzi ya mutu isanametedwe, zachitika kawiri. Nyuzipepala ya Lamlungu akundiuza kuti ndiyambe ndadula tsamba la mafilimu. Ku tchalitchi akutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Sindikuwamvetsa. Ndikungoopa tsiku limene adzadziona okha, ali okha m'nyumba muja.

Uzilemba. Kukwiyira Adadi si chifukwa chondisiyira ine bokosi la makalata lopanda kanthu.

Odessa


Bledsoe
21 Julayi 1992

Cleon,

Moni, ndipo usaponye kalata iyi pa tebulo n'kumati uwerenga mawa. Ndikudziwa kuti makalata anga a miyezi iyi umangoyankha ndi makhadi a mizere iwiri. Iyi uwerenge utakhala pansi.

Kaseti inafika pa 13. Ndinadziwa mochedwa kuti Adadi analembetsa dzina lawo ku sitolo ya makaseti ya ku Greenwood kalekale mu Febuluwale, oyamba pa mndandanda. Anamutenga Roscoe mobisa, anakagulanso makina atsopano a vidiyo, oti amatha kuyendetsa chithunzi pang'onopang'ono. Adadi anamufunsa wogulitsayo mafunso ola lathunthu, Roscoe akuti munthuyo anatuluka thukuta.

Kuyambira tsiku lotsatira, 6 koloko m'mawa atseka chitseko cha pabalaza, atseka makatani, mpaka masana. Tomato akuuma, iwo alibe nazo ntchito. Ine ndikadutsa popita ku ntchito ndinkangomva mawu omwewo akubwerezabwereza, "Adadi, ndasiya. Adadi, ndasiya." Ndinati basi, nkhalamba ija ikudzibaya yokha.

Tsiku lachitatu ndinalowa ndi khofi osagogoda. Anali atakhala pa mpando wolimba, limoti ku dzanja lamanzere, pensulo ku dzanja lamanja, pa miyendo pali mapepala achikasu olembedwa mizere ndi lula. Mayina m'mbali, manambala pamwamba, m'timabokosi muli timitanda ndi timizere. Khofi anatsala pang'ono kutayika. Cleon, akukuchonga.

Ukukumbuka Loweruka m'mawa tili ana, timu itasewera Lachisanu? Ankapachika nsalu ya pabedi ya amayi pa khoma, n'kuonetsa filimu ya masewerawo, kupita kutsogolo, kubwerera, kupita kutsogolo, kubwerera, wosewera aliyense payekha. Wachita bwino, kamtanda kophatikiza. Walakwa, kamzere kochotsera. Lolemba n'kukhoma malikisi pa chitseko cha chipinda chovalira. Kwa Adadi filimu ndi imeneyo. Kuonera kamodzi ndi kwa ochemerera, ndipo kumva za ena usanaone wekha kumaononga diso. Ife awiri, ana a kochi, okulira pansi pa nsalu imeneyo, sitinaganizeko ngakhale pang'ono. Ndipo iwe ukudziwa bwino kuposa ine kuti wosewera amene anamutaya mtima sankamulemba n'komwe pa pepala.

Ndinati, "Adadi, bwanji simunanene?" Iwo osachotsa maso pa TV anati, "Ndinanena. Ndinati kaseti." Kenako anandiuza kuti ndatchinga.

Dzulo anabwera okha ku positi, anaima pa mzere ngati munthu wamba, n'kundipatsa envelopu iyi kuti ndiiphatikize ndi yanga. Ndaiyeza kulemera, ndaiunika pa dzuwa, ndainunkhiza, sindinaone kanthu. Sindikudziwa ngati muli moto kapena madzi. Ukawerenga uimbe foni, lero lokha ndikuloleza.

Odessa


Bledsoe
20 Julayi 1992

Cleon,

Moni. Ndili bwino. Filimu ndaiona. Mapepala ndaika m'katimu, koma zina ndifotokoze.

Whitlock, malikisi 71. Mapazi ake ndi oipa, chigongono chili pansi. Dzanja loponya mpira lili ndi chipsera pa chala chachikulu, lake lilibe, umuuze wotsogolera wanuyo kuti ena timaona. Koma pa gawo lake la 12, la zingwe za nsapato, ndamupatsa timitanda tiwiri, zimene sindichita. Anyamata onjenjemera choncho ndinawaona ambiri pa zaka 31. Ndinkaganiza kuti ndi kuzizira.

Maddox, 64. Kochi salankhula wezulo ali m'kamwa. Ndipo patatsala mayadi atatu kuti ugoletse suponya mpira m'mwamba mvula ikugwa, amene analemba zimenezo sanaimepo pabwalo. Mawu ali nawo.

Mayi Rusk, 100. Ndafunafuna polakwa masiku awiri, sindinapeze. Malemu amayi ako ankapinda zovala choncho akafuna kundiuza kuti ndalakwa.

Iwe. Magawo 38. Gawo 6, kamzere, unayamba kuyankha mnzako asanamalize, unkadziwa kale zimene anene. Gawo 14, kamzere, munthu wa msinkhu umenewo sadzuka pa mpando choncho, amayamba wagwira bondo. Chipewa ndachiona. Ndinachiona pa gawo loyamba lomwe, sindine wakhungu. Kamtanda. Sindinkadziwa kuti zimaoneka choncho, ndinaseka ndekha, usamuuze Odessa.

Gawo 31, la m'khitchini. Ndinayamba ndalemba kamzere, chifukwa si mmene zinayendera. Ine sindinakalipe, sindinaswe mbale. Unaima ndi chikwama, ndinakuyang'ana, ndinatenga chipewa n'kutuluka. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziona ngati munthu amene anadziletsa. Ndinabweza gawo limeneli ka 40, ndawerenga. Kenako ndinasiya kuyang'ana iwe, ndinayamba kuyang'ana mnyamatayo. Bambo wa mu filimuyo ndi chitsiru, koma mwana wake anadziwa pamene waima, anamubwezera mawu, ndipo pofika gawo 35 akhala limodzi pa khonde akukambirana. Mwana wanga ine sindinamupatse ngakhale mawu oti abweze. Ndafufuta kamzere, ndakupatsa kamtanda. Pansi pa pepala lachitatu upeza dzina lina limene ndawonjezera, W. Tarpley, gawo limodzi, kamzere kamodzi. Masamu ake uchite wekha.

Amati pepani sapoletsa chilonda. Komabe pepa, mwana wanga.

Zonse pamodzi, 36 pa 38, ndiye kuti 95. Wosewera wanga woposa onse anapeza 91, ndipo ameneyo anali ndi mwayi tsiku limenelo. Ntchito umaidziwa. Ndinayenera kubwera kudzakuona kalekale.

Lamulo langa sindinasinthe, wopambana pa pepala amadzadya kwa kochi Lamlungu. Wopambana ndi Mayi Rusk, umenewo ndi mwayi wawo, uwauze. Koma ku Chicago n'kutali, ndipo akalephera mpando umapita kwa wachiwiri. Akabwera, mipando ilipo yokwanira. Lamlungu ndikunena ndi la pa 2 Ogasiti. Basi ya Loweruka imafika 4 koloko masana, ndidzakhala ndili pa depoti.

Sindinakufunsepo kuti unasiyiranji mpira. Ndikufunsa tsopano. Usayankhe pa kalata, ndikufuna kumva ndi makutu anga, ndipo ndikhala pansi mpaka umalize. Ubwere ndi njala.

Adadi ako,
Wardell Tarpley